Alendo anga akufuna mowa wofululidwa konkuno ku Tete, ndiwatengere kuti?

Wakumigodi_Moatize
Moni nonse pagulu pano. Mwezi wamawa kukubwera anzanga awiri amene ndinkagwira nawo ntchito ku Johannesburg. Kumeneko anazolowera timafakitale ting'onoting'ono ta mowa, kumene munthu amamwa akuona matanki amene mowawo wafululidwiramo, mwiniwake n'kumamufotokozera zimene wathiramo. Andiuziratu kuti mowa wa m'mabotolo ngati 2M ndi Manica azimwa tsiku lofika, koma chimene akudzera ndi mowa wopangidwa ndi manja a anthu akuno. Ine kwathu ndi ku Macanga koma ndinachokako ndili mnyamata, malo sindikuwadziwanso bwino. Galimoto ilipo. Ndiwatengere kuti? Pakhale paukhondo chonde, poti ndi alendo.

Shapa_Zobwe
Achimwene, musataye mafuta kuzungulira mu tauni. Mabala a ku Matundo ndi Chingodzi ndi a mabotolo okhaokha. Kwerani mtunda, pitani ku Angonia.

NyaChingodzi
Mwayamba kale a Shapa. Chilichonse chabwino chili ku Angonia basi? Kuchigwa kuno anthu safulula?

Shapa_Zobwe
Amafulula achemwali, koma ndi kutentha kwa kuno mowa wa dzulo lero ndi wowawasa kale. Mwezi wamawa dzuwa likhala litafika poipa. Alendo mukufuna akamwe viniga?

Mphunzitsi_Domwe
Ndiyankhe mofatsa chifukwa funsoli ndi labwino. Mowa wa m'mabotolo umene timamwa kuno wonse umachokera kutali. Laurentina inayamba mu 1932 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Manica ndi wa ku Beira. Impala, uja wa chinangwa, kampani ya mowa ya CDM (Cervejas de Moçambique) inayamba kuupanga ku Nampula mu 2011. Txilar ndi wa Heineken, fakitale yake ili ku Bobole kufupi ndi Maputo, inatsegulidwa mu 2019. Zonsezi zimafika kuno pa thiraki.

Chimene anzanuwo akuchifuna chilipo, kungoti sichikhala ndi chikwangwani. Chili kuseri kwa nyumba, pamene mayi wayika migolo iwiri pamafuwa ndi mbiya zake m'khitchini. Mayi ameneyo chimera amachimeretsa yekha, amadziwa munda umene mawere ake achokera, ndipo mowa wake anthu a m'mudzimo amauzindikira ndi pakamwa pokha osauzidwa. Mukachoka ku Moatize tsatani msewu wa ku Zobwe, mukakhotere pa Mussacama kulowera ku Ulongwe. Mu Ulongwe musakhalitsemo, pitirirani kumidzi ya kufupi ndi phiri la Domwe kapena cha ku Lifidzi. Kuno kumazizira, mowa umapsa pang'onopang'ono, ndipo anthu ambiri akugwiritsabe chimera cha mawere, osati cha chimanga chokha. Kusiyana kwake mukakumva nokha. Wa mawere umakhala wofiirira, wonunkhira, ndipo sukanda pakhosi.

Koma musangotulukira ndi galimoto ngati akuboma. Pezani munthu wa m'mudzimo akutsogolereni, mukayambe mwalonjera amfumu.

Wakumigodi_Moatize
Zikomo aphunzitsi. Nanga tsiku lake? Tikhoza kungofika Loweruka lililonse?

Mai_wa_Mbiya
Ayi bambo, mowa wa masese sumaupeza ngati shuga wa m'baraka, kagolosale kaja. Ine ndimafulula kuno ku Tsangano, ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amayi anga, ndiye ndikuuzeni mmene imayendera kuti mudziwe chifukwa chake muyenera kutumiza mawu msanga.

Choyamba ndi chimera. Mawere timawaviika m'madzi, kenako timawatsanula n'kuwafunditsa ndi masaka onyowa kapena masamba a nthochi pamalo opanda dzuwa. Akatulutsa timizu toyera timawayanika pamphasa mpaka aume gwa, ndiye n'kukagayitsa kapena kusinja. Ichi chokha chimadya sabata. Chimera chikauma mosakwanira chimanunkha chinyontho, ndipo fungo limenelo silichoka ngakhale mowa utapsa.

Tsiku loyamba kufulula timaphika phala la mgaiwa mu mgolo, lamadzimadzi. Likazizira mpaka chala kumapirira, timathira chimera n'kutakasa. Apa ndi pamene ana amabwera ndi makapu, chifukwa phala lija limasungunuka n'kutsekemera, imeneyo ndi thobwa. Timalisiya ligone kuti ligwire kawawasu pang'ono. Kenako timaliwiritsanso nthawi yaitali, nkhuni zambiri zimathera pamenepa, ndipo munthu suchoka pamoto chifukwa likapserera pansi mgolo wonse wawonongeka. Likazizira timaligawa m'mbiya n'kuthiranso chimera china. Ndiye kudikira. Mukayika khutu pa mbiya usiku mumamva ukutokota wokha popanda moto, pamwamba pakuphulika tithovu. Ukayamba kuchepa mawu ndiye kuti wapsa, timasefa, anthu n'kumwa tsiku lomwelo ndi mawa lake.

Kuchokera pa phala loyamba kufika pa chipanda ndi pafupifupi sabata kuno kozizira. Mu June ndi July umachedwerapo, mpaka mbiya timazifunditsa mabulangete. Ndiye ngati alendo akufuna kuona zonse, abwere tsiku lowiritsa kachiwiri, agone, adzamwe tsiku losefa.

Kachewere77
Amayi mwafotokoza bwino. Koma masiku ano ndi angati akuchita zimenezi? Ambiri akuthira shuga ndi yisiti wa buledi, mawa lake mowa wapsa. Umaledzeretsa msanga koma mutu wake m'mawa, ayi ndithu.

Mai_wa_Mbiya
Alipo otero, sindikana. Nkhuni zadula, mawere akulimidwa ndi anthu ochepa, ndiye wina amaona kuti sabata yonse pamoto sapindula. Koma kuuzindikira n'kosavuta. Wa shuga umakhala wopepuka, wotsekemera pamwamba pa lilime, masese ake ochepa. Wa chimera umakhutitsa. Mlendo afunse kuona chimera, wofulula weniweni amakhala nacho m'thumba ndipo sachita manyazi kuchionetsa.

Mlamu_wa_Dedza
Ine ndili tsidya lino la Malawi koma akazi anga ndi a ku Calomue. Mowa wa ku Angonia ndi wa kwathu ku Dedza ndi Ntcheu ndi umodzimodzi, anthu ake ndi amodzi, Achewa ndi Angoni omwewo. Pa msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu pali malo amene mbali ina ya tala ndi Malawi, ina ndi Mozambique. Anthu amawoloka ndi chigubu m'manja.

Shapa_Zobwe
Alamu, umodzimodzi bwanji pamene anthu akwanu ndi amene amawolokera kuno kudzamwa?

Mlamu_wa_Dedza
Amatsata mtengo achimwene, osati kukoma. Metikali ndi kwacha zikasinthana mphamvu, nawonso mapazi amasintha kolowera.

NyaChingodzi
Tsopano ndilankhuleko za kuchigwa poti a kumtunda atenga bwalo lonse. Alendo akafika ku Tete osalawa za masau ndiye kuti Tete sanamuone. Nyengo yozizira ija pitani pa msika wa Kwachena muone milu ya masau, aawisi ndi ouma omwe. Kumidzi ya ku Changara, Marara mpaka ku Mágoè, masau ouma amawaviika m'migolo masiku angapo mpaka awire, ndiye n'kutcheza kachasu. Wa masau ali ndi fungo lakelake la chipatso, losiyana ndi wa madeya ndi shuga. Ndinaonapo agogo ena akutcheza pansi pa mlambe: mphika waukulu pamoto, pakamwa pake atamata ndi dothi kuti nthunzi isathawe, paipi ikudutsa m'chikhungwa chodzaza madzi, kumapeto kwake kachasu akudontha m'botolo. Madzi aja akafunda ankawatunga n'kuthira ozizira. Moto ankausamala kwambiri, nkhuni imodziimodzi, akuti ukakula phala limakwera m'paipi n'kuda botolo lonse.

Ndipo phombe, mowa wa masese wa kuno, ndi wa mapira ndi mchewere, mbewu zimene zimapirira dzuwa lathu. Si wa Angonia, koma si wonyozeka.

Msodzi_wa_Zambezi
Onjezani uchema achemwali. Kumunsi kuno ku Mutarara, kufupi ndi mlatho wa Dona Ana, anthu amagoma migwalangwa. Amasenga nsonga ya mtengo, n'kumangirira chikho kuti madzi ake azidonthera momwemo usiku wonse. M'mamawa umakhala wotsekemera, woyera ngati madzi otsukira mpunga. Pofika madzulo wawira wokha, wayamba kuluma. Palibe chothiramo china chilichonse. Vuto ndi mtunda, kuchokera ku Moatize ndi ulendo wa tsiku, ndipo uchema sungautumize, uyenera kuumwera pomwepo.

Wakumigodi_Moatize
Uchema ndinaumvapo koma sindinaulawe. Mutarara yatalika pa masiku amene ali nawo. Mwina ulendo wina.

Mtumiki_wa_Mawu
Abale, ndawerenga zonsezi ndipo mtima wandipweteka. Tikulangizana kumene tingatengere alendo kukamwa pamene m'midzi yathu anyamata akutha ndi kachasu. Ndayika maliro a ana amene anali ndi mphamvu zolima maekala. Azimayi akulera okha ana. Bwanji osawatengera ku Songo akaone damu la Cahora Bassa, kapena ku tchalitchi chakale cha ku Boroma?

Kachewere77
Abusa, funso silinali lakuti timwe kapena tisamwe.

Mai_wa_Mbiya
A Kachewere musawayankhe choncho abusa, zimene akunenazo ndi zoona ndipo ife ofulula timaziona kuposa wina aliyense. Koma abusa, ndikupempheni musiyanitse. Mowa wa masese anthu amamwa pagulu, masana, chipanda chikuzungulira, akuluakulu ali pomwepo. Ndi umene timafulula pa dima anthu akathandizana kulima, pa chinamwali, pa m'meto, pa chiliza. Amene akupha anyamata ndi timabotolo tapulasitiki totchipa tija ta m'mabaraka, ndi kachasu amene mnyamata amamwa yekha m'mawa m'mimba mulibe kanthu. Ine pakhomo panga mwana sindimugulitsa, woledzera kale ndimamubweza. Ndipo ndalama za mbiya zimenezi ndi zimene zaphunzitsa ana anga.

Mtumiki_wa_Mawu
Ndamva amayi, ndipo ulemu wanu ndauona. Sitigwirizana, koma thobwa yanu ndidzamwa ndikadzafika ku Tsangano.

Namwino_Songo
Ndakhala ndikudikira kuti wina atchule Chitima, tauni ya kufupi ndi Songo, koma palibe. Sitingakambe za mowa wa m'migolo mu Tete muno osakumbuka January 2015. Anthu anachokera kumaliro n'kumwa phombe, ndipo 75 anamwalira, oposa 200 anadwala. Dziko lonse linakhala pa chisoni masiku atatu. Amene tinali m'zipatala za kuno nthawi imeneyo sitidzaiwala.

Anthu ambiri mpaka lero amati munathiridwa ndulu ya ng'ona. Si zoona. Zitsanzo za mowawo ndi ufa wake zinapimidwa mpaka ku America, ndipo anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Poizoni ameneyu amapangidwa ndi kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuwola. Ufawo anthu anauona kuti sungaphikidwe nsima, koma anaganiza kuti ku mowa ulibe vuto poti mowa umawiritsidwa. Apa ndi pamene panagona tsoka. Poizoni ameneyu safa ndi moto. Alibe fungo, alibe kakomedwe koti munthu n'kumuzindikira. Amawononga chiwindi, impso ndi ubongo, ndipo alibe mankhwala omuthetsa. Matendawa ankadziwika ku Indonesia ndi ku China, ku Africa kuno anayamba kupezeka pa Chitima pomwepa.

Ndiye a Wakumigodi, ukhondo umene mukufunawo si wa makapu otsuka okha. Funsani za ufa. Wachokera kuti, wasungidwa pati, unanyowapo? Wofulula amene amagula chimanga chofumbwa kapena ufa wotsika mtengo chifukwa wawonongeka, muthaweni ngakhale pabwalo pake patasesedwa bwanji.

Shapa_Zobwe
Koma paja mwambo ulipo, mwini mowa amayamba kumwa yekha pamaso pa anthu. Akamwa iye ndiye kuti uli bwino.

Namwino_Songo
Ku Chitima mayi amene anafulula mowawo anamwa nawo, ndipo anamwalira pamodzi ndi ena a pabanja pake. Sankadziwa kanthu. Kulawa kumateteza kwa munthu wa mtima woipa, sikuteteza ku ufa woola, chifukwa zizindikiro zimabwera patapita maola. Munthu akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kufooka kapena kupuma movutika atamwa, ndipo anzake amene anamwa naye akumvanso chimodzimodzi, musadikire kuti mowa umuchoke. Thamangirani kuchipatala nonse, mutenge ndi mowa wotsalawo.

NyaChingodzi
Ine mpaka lero ndinkadziwa za ng'ona. Azakhali anga anasiya kufulula chaka chimenecho chifukwa anthu ankaopa phombe, ndipo m'midzi munali kulozana zala koopsa. Zikanamveka msanga kuti ndi ufa, mabanja ena sakanadana.

Mai_wa_Mbiya
Anamwino zikomo. Mawu akuti "chimanga choola n'cha mowa" ndinakula ndikuwamva, ndipo alipo akuwanenabe. Ine ufa umene sindingaphikire ana anga nsima sulowa mu mgolo wanga. Mgolonso ukhale umene sunasungepo mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda. Kuno amalima mbatata ya kachewere kwambiri, zigubu za mankhwala opopera zili paliponse, ndipo ndaonapo anthu akuzitsuka n'kumatungira madzi. Zimenezo mlendo ayang'ane ndi maso ake.

Mphunzitsi_Domwe
Pa kachasu napo ndiwonjezere. Botolo loyamba kudontha, limene amati mutu, ndi limene anthu amalilimbirana chifukwa ndi laukali. Koma zoipa zambiri zimene zimauluka msanga pamoto zimatulukira momwemo. Wotcheza wosamala amataya madontho oyambawo. Alendo alawe pang'ono za pakati, atadya kale, ndipo paipi yake aione kuti si yadzimbiri.

Kachewere77
Atadya chiyani tsono? Apa ndiye a kuchigwa atiposa, ndivomere. Mbuzi ya ku Tete ilibe inzake.

NyaChingodzi
Mwanena zoona lero. Mbuzi zathu zimadya masau ndi malambe, n'chifukwa chake nyama yake imakoma choncho. Yootcha pamakala, mchere ndi piripiri basi. Kapena chicoa wophika ndi tomato, nsomba youma yamchere ija, nsima ya mgaiwa pambali.

Msodzi_wa_Zambezi
Chicoa ayambe amuviika achotse mchere, apo ayi alendo adzamwa mtsinje wonse. Koma akafika ku Songo adye pende wamuwisi wa m'damu, nsomba yofanana ndi chambo.

Mlamu_wa_Dedza
Ku Angonia akadye nkhumba ndi kachewere wokazinga pa chiwaya. Kuzizira kwa kumeneko kumafuna mafuta.

Wakumigodi_Moatize
Abale mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Maganizo anga tsopano ndi awa: tiyambe ndi mbuzi mu tauni, tikwere ku Angonia tikagone kumeneko, za masau tidzaone pobwera. Koma funso lina. Anzangawa amakonda kujambula chilichonse n'kuika pa Facebook. Kumudzi zimenezi zingavute?

Mphunzitsi_Domwe
Apemphe kaye. Mayi wofulula akalola, ajambule mbiya ndi moto. Anthu amene akumwa ambiri safuna, ena ndi a mpingo, ena athawa kumunda. Ndipo mukakapeza kuti mowawo ndi wa mwambo, makamaka kumene kwatuluka Gule Wamkulu, foni ibwerere m'thumba mpaka eni mudzi anene okha. Gule ndi wolemekezeka mpaka UNESCO inamuzindikira mu 2005, koma kudambwe ndi zinsinsi zake si za alendo. Mowa wa pa m'meto kapena chiliza sagulitsanso, umamwa ukaitanidwa, ndipo mumapita ndi kanthu m'manja kopepesera.

Shapa_Zobwe
Ndipo woyendetsa asamwe. Msewu wa Moatize kukafika ku Zobwe ndi wa mathiraki opita ku Malawi usana ndi usiku, ndipo kukwera ku Angonia kuli makhona ndi nkhungu. Ndimauyenda tsiku lililonse, ndaona zambiri. Ngati nonse mukufuna kulawa, lembani dalaivala kapena gonani komweko.

Kachewere77
Chimene chimandiwawa ine n'chakuti a ku Johannesburg akuwoloka maiko kudzafuna chinthu chimene ana athu akuchinyoza. Mnyamata wa ku Ulongwe akapeza ndalama amafuna botolo m'manja kuti anthu amuone. Bwanji wina osatsegula malo abwino mu tauni, mipando yabwino, masese a mawere ozizira bwino, mayi wofulula akulipidwa moyenera?

NyaChingodzi
Mowa wamoyo uja suima, umapitirira kuwira. Mu tauni yotentha ngati ino, popanda firiji yodalirika, masiku awiri watha ntchito. Ndiye pali za ziphaso, za aukhondo, misonkho. Mayi wa kumudzi angazithe yekha?

Mphunzitsi_Domwe
Yekha ayi, koma gulu likhoza. Chibuku chimene chimagulitsidwa m'mapaketi ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi mowa womwewu wa makolo, anthu ena anangouika m'fakitale. Chimene ndingakonde kuona kuno si fakitale yaikulu ayi, koma azimayi ofulula a dera limodzi ataphunzitsidwa ndi a zaumoyo za kasungidwe ka ufa, n'kumadziwika kuti pakhomo apa m'poyesedwa. Alimi nawo akanabwerera ku mawere podziwa kuti msika ulipo.

Namwino_Songo
Pamenepo ndiye ndingathandize nawo ndi manja awiri.

Wakumigodi_Moatize
Amayi a ku Tsangano, ndakulemberani kumbali za tsiku. Koma ndifunsiretu pano kuti ena amve: tikafuna kutengako wina kubwera nawo ku Moatize, zitheka?

Mai_wa_Mbiya
Uthenga ndauona bambo, ndiyankha madzulo ndikaweruka kumunda. Kutenga n'kotheka koma mumwe tsiku lomwelo. Mubwere ndi chigubu chatsopano kapena chimene mumasungira madzi akumwa okha. Musachidzaze mpaka pakamwa, ndipo chitsekero musamange kwambiri, muzichimasula panjira kuti mpweya uzituluka, apo ayi chitupa n'kuphulikira m'galimoto. Muchifunditse ndi saka lonyowa, chifukwa mukangotsika pa Mussacama kutentha kumayamba. Mundiuze msanga chiwerengero cha anthu kuti ndidziwe mawere oti ndiviike.